Magetsi a Dziko Lino Amadutsa Pakhomo Pathu, Ana Athu Akonzekere

Makolo athu, akuluakulu a komiti ya mzikiti, ndi inu ophunzira.

Chaka chilichonse, ana athu akamaliza Fomu 2, timawapatsa pepala loti asankhe maphunziro amene apitirize nawo mpaka pa MSCE. Pepalali ndi laling'ono ndipo ambiri amalemba mofulumira, ena ali chiimire pakhonde. Ife aphunzitsi a sayansi timalandira mapepalawo n'kuona zomwezomwezo chaka ndi chaka. Physics wathawidwa, Chemistry wathawidwa, masamu akungotengedwa chifukwa palibe kuchitira mwina. Tikafunsa, anyamata amati sayansi njovuta, komanso kuti m'bale wawo ku Joni wawauza kale kuti malo alipo. Atsikana amati zimenezo n'za anyamata. Makolo ambiri samva n'komwe kuti mwana wawo wasankha chiyani.

Tafuna tilankhule poyera mapepala a chaka chino asanabwerere ku ofesi. Maganizo athu ndi akuti ntchito za magetsi, mafuta ndi gasi ndi zina mwa ntchito zomwe dziko lino lidzazifuna kwa zaka zambiri, ndipo mwana amene wasiya Physics, Chemistry ndi masamu pa Fomu 3 wadzitsekera yekha khomo la ntchito zimenezi asanadziwe kuti khomolo lilipo. M'mera mpoyamba.

Madzi amene timawaona tsiku ndi tsiku

Aliyense amene anawolokapo mlatho wa pa boma la Mangochi anauona mtsinje wa Shire ukutuluka m'nyanja. Madziwo amalowa mu Malombe, n'kufika pa Liwonde pamene pali Kamuzu Barrage, yomwe inamangidwa mu 1965 kuti madzi azitulutsidwa mwa muyezo. Akatsika kumunsi amakazunguza makina pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira. Nkula inayamba kupanga magetsi mu 1966. Magetsi ambiri amene amayatsa Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu amachokera pa malo atatu amenewa, kutanthauza kuti amachokera m'madzi omwe amayi athu amachapiramo ndi omwe asodzi athu amaponyamo makoka.

Pa Liwonde pali anthu amene ntchito yawo ndi kuyeza madzi ndi kudziwa nthawi yotsegula kapena kutseka zitseko. Pali ena amene amayendetsa makina ovuula namasupuni ndi udzu kuti zisakatseke makina kumunsi. Pa Nkula pali amene amachezera usiku akuyang'ana mamita, amene amamasula makina akuluakulu n'kuwabwezeretsa, amene amachotsa matope omwe amadza chifukwa mitengo inatha m'mapiri. Onsewa ndi anthu olembedwa ntchito, ali ndi malipiro a pamwezi, ndipo amaphunzitsa ana awo. Tidzifunse kuti mwa anthu amenewa, ochokera m'makomo mwathu ndi angati.

Tonse tikukumbukira Januware wa 2022, pamene namondwe Ana anagumula damu la Kapichira ku Chikwawa. Mamegawati pafupifupi 130 anazima tsiku limodzi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a m'madzi a dziko lino. Zigayo zinaima, owotcherera zitsulo anakhala manja lende, ana athu a Fomu 4 anawerengera matochi a pafoni. Kukonza kunatenga kuposa chaka. Amene anabwezeretsa magetsiwo anali mainjiniya, oyeza malo, oyendetsa makina okumba, owotcherera ndi amisiri a mawaya. Nthawi imene ija inationetsa kuti dziko likagwa m'mavuto limafunafuna anthu a luso lotere, ndipo akasowa kuno limawaitana kunja ndi ndalama zambiri.

Ntchito zomwe zilipo kale

Kuyambira mu 2017 ntchito ya magetsi inagawidwa. EGENCO ndiyo imapanga magetsi, ESCOM ndiyo imawanyamula pa mawaya ndi kuwagulitsa kwa ife. Makampani ena analoledwanso kupanga magetsi n'kumagulitsa. N'chifukwa chake ku Salima kuli munda waukulu wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 60, womwe unatsegulidwa mu 2021, ndipo ku Golomoti m'boma la Dedza kuli wina wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire osungira magetsi. Pa Shire pomwepo pali mapulani a damu la Mpatamanga, loyembekezeka kupereka mamegawati oposa 350. Kuno kufupi, pa Phombeya m'boma la Balaka, ndi pamene pakuthera mawaya akuluakulu ochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete ku Mozambique, oti azibweretsa magetsi ogula kwa anansi athu.

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse, pafupifupi 11 zokha ndi zimene zinkawunikira magetsi a ESCOM. Chiwerengerochi n'chomvetsa chisoni, komabe kwa mwana wa Fomu 2 chili ndi uthenga wina. Nyumba zotsalazo zidzafuna mapolo, mawaya, mathiransifoma, mamita ndi munthu woika mawaya m'nyumba. Ntchito imeneyi siitha chaka chino kapena chamawa. Mwana amene ali ndi zaka 15 lero adzafika zaka 40 ntchitoyi ikadalipo.

Sitikunena za makampani akuluakulu okha. Tayang'anani m'midzi mwathu momwemu. Mizikiti yambiri tsopano ili ndi sola ya zokuzira mawu ndi nyale za swala ya m'bandakucha. Pali mijigo yopopa madzi ndi mphamvu ya dzuwa, pali alimi othirira chimanga ndi mapampu a sola, pali mafiriji a ogulitsa nsomba. Zikaonongeka timatani? Timadikira munthu wochokera ku Blantyre, kapena timaitana mnyamata amene anangoonera anzake, amalumikiza batire molakwika, patapita miyezi itatu batire lafa. Ndalama zimene jamaa inasonkha zapita. Mwana wathu mmodzi wophunzira bwino za sola akanatha kusamalira mizikiti, masukulu ndi zipatala za dera lonse, n'kumadya thukuta lake ali pakhomo pa makolo ake.

Mafuta amene timawaima pamzere

Za mafuta a galimoto sitifunika kufotokozera aliyense. Tagonapo pa mizere ya petulo ndi dizilo, akabaza athu aimikapo njinga masiku angapo, mitengo ya minibasi yakwerapo kawiri sabata imodzi. Malawi sakumba mafuta. Dontho lililonse limagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, n'kulowa kudzera ku madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, pa magalimoto a matanki kapena pa sitima ya pamtunda. Ndalama zakunja zikasowa mafuta amasowa, ndipo kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umakwera.

Pakati pa doko ndi thanki ya njinga ya kabaza pali ntchito zambiri zimene ana athu sazidziwa. Bungwe la boma la NOCMA lili ndi nkhokwe za mafuta ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, zotha kusunga malita 60 miliyoni pamodzi. Pa nkhokwe zotere pamafunika oyeza kuchuluka kwa mafuta m'matanki, oyesa mu labotale ngati mafutawo sanasakanizidwe ndi madzi kapena palafini, oteteza moto, okonza mapampu ndi mapaipi, olemba za katundu wolowa ndi wotuluka. Bungwe la MERA, lomwe limaika mitengo ya mafuta ndi magetsi ndi kupereka ziphaso, limafuna odziwa zachuma, malamulo ndi uinjiniya. A Malawi Bureau of Standards amayendera malo omwetsera mafuta kuona ngati lita ya pa pampu ndi lita yeniyeni. Ku Dwangwa ndi ku Chikwawa kuli mafakitale opanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, yemwe amasakanizidwa ndi petulo, ndipo kumeneko Chemistry amene ana athu akumuthawa ndiye chakudya cha tsiku ndi tsiku. Gasi wophikira nayenso akufalikira m'matauni pamene makala akukwera mtengo ndipo nkhalango zikutha. Masilinda ake amafuna odzaza, oyesa ngati sakutuluka mpweya, ndi ophunzitsa amayi kagwiritsidwe ntchito kake.

Choncho tikamati ntchito za mafuta, mwana asaganize za kuthira petulo pa pampu pokha, ngakhale nayonso ndi ntchito yolemekezeka. Amene amakonda masamu a ndalama ali ndi malo ake, wokonda malamulo ali ndi malo ake, wokonda kumasula injini alinso ndi malo ake.

Nanga mafuta a pansi pa nyanja?

Funso ili ana amatifunsa kawirikawiri, ndipo makolo ena amalinena ngati chuma chafika kale. Zoona zake n'zakuti mu 2011 boma linayamba kupereka ziphaso kwa makampani akunja kuti afufuze mafuta m'nyanja ndi m'mbali mwake. Nkhaniyi inadzutsanso mkangano wakale wa malire ndi Tanzania, womwe umabwerera ku pangano la Britain ndi Germany la mu 1890. Papita zaka zoposa khumi ndipo Malawi sanagulitsepo ngakhale mgolo umodzi wa mafuta ake. Ife sitingalangize mwana kuti aike moyo wake wonse pa mafuta amene sanatuluke.

Tilinso ndi nkhawa yathu ngati anthu a m'mbali mwa nyanja. Nyanja ino ndi ndiwo zathu, ndi madzi athu akumwa, ndi fizi ya ana ambiri a pasukulu pano. Madzi ake amatuluka pang'onopang'ono kudzera mu Shire yekha, kotero mafuta atatayikiramo sangachoke msanga ngati mmene zingakhalire pa nyanja ya mchere. Usipa, utaka ndi chambo zikhoza kuonongeka kwa zaka zambiri. Ku Cape Maclear kuli malo otetezedwa omwe UNESCO inawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984 chifukwa cha nsomba zake. Ena anganene kuti, ngati zili choncho, ana athu atalikirane nazo nkhani za mafuta. Ife tikuona mosiyana. Tsiku limene boma ndi makampani adzakhale pansi kukambirana zokumba, padzafunika odziwa miyala, odziwa za chilengedwe ndi odziwa malamulo oti awerenge malipoti n'kunena ngati zolembedwazo zili zoona. Tikufuna kuti pa tebulo limenelo padzakhale mwana wa msodzi, amene akudziwa tanthauzo la nyanja pakhomo pawo ndipo akuthanso kuwerenga zimene akatswiri alemba. Tikapanda kuphunzitsa ana athu, ena adzatisankhira ife tili kunja kwa mpanda.

Za ku Mozambique ndi maiko a Aluya

Gasi weniweni ali kwa anansi athu. Mu 2010 kunapezeka gasi wochuluka kwambiri pansi pa nyanja ya mchere kufupi ndi mtsinje wa Rovuma, m'chigawo cha Cabo Delgado. Kampani ya Eni inaika fakitale yoyandama yotchedwa Coral Sul, yomwe inatumiza gasi wake woyamba kunja mu Novembala 2022. Kum'mwera, gasi wa ku Pande ndi Temane wakhala akupita ku Secunda ku South Africa pa paipi kuyambira mu 2004. Ku Tanzania ndi Uganda kuli ntchito ya paipi ya mafuta yochokera ku Hoima kufika ku doko la Tanga, mtunda wa makilomita 1,443. Ntchito zoterezi zimafuna owotcherera mapaipi a luso lapamwamba, amisiri a magetsi ndi a makina, ndipo amene ali ndi mapepala ovomerezeka amalipidwa bwino.

Koma tinene mosabisa zinthu ziwiri. Choyamba, dziko lililonse limayamba laganizira ana ake. Mmalawi amene angalembedwe kumeneko ndi amene ali ndi luso lomwe likusowa, satifiketi yodziwika, chilolezo chogwirira ntchito, ndiponso Chingerezi chabwino, kuphatikizapo Chipwitikizi ngati ndi ku Mozambique. Wopanda mapepala akafika amakakhala wonyamula katundu wobisala apolisi, monga momwe abale athu ambiri akukhalira ku Joni.

Chachiwiri ndi cholemera kwambiri. Kuyambira mu Okutobala 2017 ku Cabo Delgado kuli nkhondo ya zigawenga zomwe zimaipitsa dzina la chipembedzo chathu. Mu Malichi 2021 zinaukira tauni ya Palma, anthu ambiri anaphedwa, ndipo kampani ya TotalEnergies inaimitsa ntchito yake yaikulu ya gasi pa Afungi. Achinyamata ena analowa m'magulu amenewa atanyengedwa ndi malonjezo a ntchito, ndalama kapena maphunziro. Makolo ndi ma Sheikh athu, munthu akabwera kudzanena kuti ali ndi ntchito ya gasi ku Mozambique ndipo akufuna anyamata, osafunsa satifiketi, osaonetsa kalata ya kampani, musamulole atenge mwana. Kanenedwe kwa amfumu ndi kupolisi.

Chimodzimodzi ndi maiko a Aluya. N'zoona kuti Saudi Arabia, Qatar, Kuwait ndi United Arab Emirates ali ndi mafuta ndi gasi wochuluka, ndipo mwana wathu wodziwa Chiarabu cha kumadrasa pamwamba pa uinjiniya angakhale ndi mwayi woposa anzake. Koma tamvanso za amayi a Chimalawi amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukapezeka akugwira ntchito za m'nyumba ngati akapolo, mapasipoti atalandidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kampani yeniyeni ya mafuta siilemba anthu pa WhatsApp, siiuza munthu kuti atumize ndalama pa foni kuti dzina lake lilowe, ndipo siisunga pasipoti ya wantchito. Mwana akaona uthenga wotere abwere nawo kwa aphunzitsi tiuone limodzi.

Njira yake ndi iti?

Njira yoyamba ndi ya yunivesite. Kuti mwana aganiziridwe pa masankho a NCHE amafunika makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa maphunziro a uinjiniya amayang'ana kwambiri masamu, Physics ndi Chemistry. Kungokhoza sikokwanira, chifukwa malo ndi ochepa ndipo opikisana nawo ndi ochokera m'dziko lonse. Ku MUBAS ku Blantyre, yomwe kale inali Polytechnic, kuli uinjiniya wa magetsi, wa makina, wa zomangamanga ndi wa migodi. Ku MUST ku Thyolo kuli uinjiniya wa Chemistry ndi sayansi ya miyala ndi za pansi pa nthaka. Ku Mzuzu University kuli maphunziro a mphamvu za dzuwa, mphepo ndi madzi. Ovutika fizi angapemphe ngongole ku bungwe la boma loona za ngongole za ophunzira a m'mayunivesite, ndipo Islamic Zakaat Fund yakhala ikuthandiza ana ambiri a Chisilamu amene akhoza bwino.

Njira yachiwiri ndi ya sukulu zaumisiri zomwe zili pansi pa TEVETA, monga Nasawa ku Zomba, Soche ku Blantyre, Salima, Lilongwe, Namitete, Mzuzu ndi Livingstonia, komanso makoleji ang'onoang'ono a m'madera. Kumeneko mwana amaphunzira kuika mawaya a magetsi, kuwotcherera, kukonza magalimoto, kuika mapaipi, kukonza mafiriji ndi kuika sola. Akamaliza za magetsi amafunika chiphaso cha MERA kuti aziloledwa kuika mawaya m'nyumba za anthu mwalamulo.

Pano tili ndi mawu kwa makolo. Tamvapo kambirimbiri kholo likunena kuti mwana wanga walephera, angopita ku zaumisiri. Kalankhulidwe kameneka kakutipweteka. Pa ntchito iliyonse ya magetsi kapena mafuta, injiniya mmodzi amayenda ndi amisiri ambiri, ndipo chojambula chake chimakhala pepala chabe mpaka mmisiri atachigwira. Wowotcherera amene mzere wake sudontha ngakhale paipi itapopedwa mwamphamvu amasakidwa m'maiko onse. Ndiponso mmisiri akasowa womulemba amatha kudzilemba yekha, pamene wa digiri nthawi zambiri amadikira. Mwana amene manja ake ndi aluso musamukakamize kubwereza MSCE katatu pofuna dzina la yunivesite.

Sitikufuna kunamiza aliyense. Alipo achinyamata amene anamaliza uinjiniya ndipo akhala zaka akuponya makalata osayankhidwa. Ntchito za zomanga madamu ndi mawaya zambiri zimakhala za kontirakiti, ikatha ntchito munthu amabwerera kunyumba. Zaka zoyamba malipiro amakhala ochepa, ndipo ena amayamba ndi kuphunzira ntchito osalandira kanthu. Ntchito zake n'zoopsanso: magetsi sakhululuka, gasi akaphulika sasankha, ndipo woyendetsa thanki kuchokera ku Beira kapena Dar es Salaam amakhala masabata kutali ndi banja lake. Amene akuti ulendo wa ku Joni umabweretsa ndalama msanga sakunama, tawaona malata ndi njinga zamoto zimene zabwera. Koma tawaonanso obwezedwa atasungidwa ku Lindela, tawaona othawa zipolowe zodana ndi alendo, ndipo talandirapo maliro. Mnyamata wosiya sukulu pa Fomu 2 akabwezedwa amafika alibe kanthu m'manja ndi m'mutu momwe. Amene ali ndi luso ndi pepala, ngakhale atapita ku Joni komweko, amakagwira ntchito ina ndi malipiro ena, ndipo luso lakelo palibe wa pachipata amene angamulande.

Atsikana athu

Palibe chilichonse mu Physics chimene chimafuna ndevu. M'makalasi athu a Fomu 1 ndi 2 atsikana amakhoza masamu mofanana ndi anyamata, nthawi zina kuposa. Amayamba kubwerera m'mbuyo akamva kunyumba ndi kwa anzawo kuti sayansi idzawachedwetsa kukwatiwa, kapena kuti ntchito zake n'zosayenera mkazi wa Chisilamu. Ntchito zambiri zimene tatchulazi zimagwiridwa mu labotale, mu ofesi, pa kompyuta yoyang'anira makina, kapena pojambula mapulani. Ngakhale za kunja, ovololo ndi chovala chokwana thupi lonse, ndipo hijab yomangidwa bwino, yosalendewera pafupi ndi makina, imalowa pansi pa chipewa choteteza mutu popanda vuto. Komanso amene amadziwa utsi wa nkhuni ndi mtunda wa kunkhalango ndi amayi ndi atsikana. Mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Tikuona kuti n'koyenera kuti ena mwa odzathetsa vutoli akhale ana aakazi a amayi omwewo.

Chikhulupiriro pa ntchito

Makolo ena atifunsa ngati mwana wogwira ntchito ya mashifiti angasunge swala ndi Juma, nanga Ramadhan padzuwa la ku Chikwawa. Makina a magetsi saima Lachisanu, n'zoona, monga momwe chipatala sichitseka. Anamwino ndi madokotala athu a Chisilamu anapeza njira yosinthana ndi anzawo ndi kupempha mwaulemu kwa owayang'anira, ndipo ma Sheikh athu alipo oti alangize pa zovuta. Wantchito wokhulupirika, wofika nthawi yake, akapempha ola limodzi Lachisanu kawirikawiri amamveredwa.

Yesero lalikulu pa ntchito zimenezi ndi la ndalama. Mafuta akasowa, wa pa pampu amauzidwa kuti adzaze zigubu usiku kuti zikagulitsidwe pamtengo wokwera kawiri. Woyendetsa thanki amauzidwa kuti apungule malita angapo panjira. Wa mawaya amapatsidwa kenakake kuti alumikize nyumba mozembetsa mita, kapena kuti adumphitse wina pamzere wa odikira magetsi. Ena amaba mafuta ndi mawaya a m'mathiransifoma, mudzi wonse n'kukhala mumdima miyezi. Ana athu anaphunzira kumadrasa kuti kupungula muyezo ndi kulandira chiphuphu ndi haraam, ndiponso kuti chimene wasungitsidwa ndi amaanah. Pampu, thanki ndi mita ndi miyezo ya masiku ano. Ngati sukulu ino ingatulutse amisiri ndi mainjiniya amene dzanja lawo silinjenjemera pa muyezo, tidzakhala tapereka ku dziko chinthu chimene likuchisowa kwambiri.

Pempho lathu

Kwa akuluakulu a komiti ya mzikiti, tikudziwa kuti thumba ndi limodzi ndipo zofuna n'zambiri: mpanda, denga la madrasa, malipiro a aphunzitsi. Tikupempha mwaulemu zinthu zitatu. Choyamba, pa bajeti ya chaka chikubwerachi labotale iganiziridwe. Ana athu akuphunzira za magetsi pa bolodi, ena amakagwira mita yoyezera magetsi koyamba tsiku la mayeso. Mabatire, mawaya, mamita ochepa, mababu ndi mankhwala a Chemistry sizifuna ndalama zofanana ndi kumanga chipinda. Chachiwiri, thandizo la fizi limene jamaa imapereka lisathere kwa opita ku yunivesite okha. Mwana wosankhidwa ku Nasawa kapena ku Soche alandirenso, ndipo akamaliza athandizidwe ndi bokosi la zipangizo zoyambira. Chachitatu, tithandizeni ndi galimoto kuti ana a Fomu 2 ndi 3 akaone Liwonde ndi Nkula ndi maso awo, ndipo ngati mukudziwa m'bale kapena mlongo amene amagwira ntchito zoterezi, mumuitane adzalankhule nawo Loweruka lina. Mwana salota ntchito imene sanaionepo.

Kwa makolo, pepala la masankho likafika, khalani pansi ndi mwana. Ngati simutha kuwerenga Chingerezi, bwerani nalo, tidzakufotokozerani m'Chichewa kapena m'Chiyao. Mufunseni chifukwa chimene akusiyira phunziro lililonse. Akanena kuti n'lovuta, mutiuze, tili okonzeka kuphunzitsa masana ena popanda malipiro. Mtsikana mumupatse nthawi yowerenga madzulo monga mumapatsira mlongo wake.

Kwa inu ophunzira, sitikunena kuti nonse mukhale mainjiniya. Dziko likufunanso aphunzitsi, anamwino, alimi, amalonda ndi ma Sheikh. Tikunena kuti musathawe phunziro chifukwa mnzanu wanena kuti n'lovuta, kapena chifukwa mwalephera mayeso amodzi. Masamu amafuna kuwagwira tsiku lililonse, pang'onopang'ono, ngati mmene munaloweza masura muli ang'ono. Munatha zija, muthanso izi. Limbikiraninso Chingerezi, chifukwa mabuku a makina, malamulo a chitetezo ndi mafunso a pa intavyu zonse zili m'Chingerezi.

Mapepala a masankho abwezedwe ku ofesi ya aphunzitsi aakulu atasainidwa ndi kholo kapena womuyang'anira mwana. Amene akufuna kukambirana nafe atipeza Lachisanu lililonse tikatuluka ku Juma. Allah adalitse khama la ana athu ndi thukuta la makolo awo, ndipo awapatse rizq la halaal.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.

Aphunzitsi a Sayansi ndi Masamu